Njerwa Yatentha Thupi

Anthu a pa Masambanjati ali ndi pakamwa poyabwa. Fackson Namakhwa atatsika basi kuchokera ku Joni ali ndi kachikwama kamodzi kumsana, sabata isanathe mbiri inali itafika kale mpaka kwa Khwethemule: munthu uja wabwera ndi njerwa. Anzake amene anapita nawo anabwerako ndi malata, wina njinga yamoto, wina firiji yoti chifikireni sinayakepo. Iye anatulutsa kabokosi kakuda, kolemera, kosaposa njerwa yowotcha, n'kunena kuti imeneyo ndi kompyuta ya magemu. Anamuseka akabaza, anamuseka amayi ogulitsa nthochi m'mbali mwa msewu, anamuseka ngakhale anthu oti kwawo kulibe ndi tochi yomwe. Lero ana a anthu omwewo ndi amene amapanikizana pa benchi yake, koma wobwera kudzapepesa sanaoneke. Dzina lija linakakamira, moti mwini wake yemwe amangoitchula kuti Njerwa.

Kuti mumvetse chifukwa chake mwamuna wandevu amapukuta kabokosi ngati akupukuta mwana chimfine, muyenera kudziwa kumene anachokera. Fackson anabadwira m'malayini a pa esiteti, m'tinyumba tija toti ukayetsemula woyandikana naye amadzidzimuka. Bambo ake anathyola tiyi mpaka msana unapindika ngati chikwakwa, ndipo atamwalira banja linauzidwa kuti lisamuke, pakuti nyumba ndi ya wantchito, si ya amasiye. Sukulu inathera pomwepo. Nayenso anabereka dengu n'kulowa m'munda, kenako anamutengera ku fakitale, kumene amayala masamba pa mabedi aatali, mafani akuluakulu akuuzira mphepo pansi pake. Mvula ikatha, ntchito imatha. Chaka ndi chaka amakulemba ngati sanakuonepo, n'kukuchotsa ngati sanakudziwepo. Tsiku lina kapitawo anamutchula kuti "iwe galu" pamaso pa gulu. Fackson anamuyankha mawu oti sangalembedwe papepala, ndipo dzina lake silinaitanidwenso. Ndiye ulendo wa ku Joni. Kumeneko anatsuka magalimoto, anasesa m'shopu ya magemu, mwini shopu akatuluka iye n'kumatsegula makina akufa kuona m'kati mwake. Palibe anamuphunzitsa. Thukuta lonse la kumeneko linathera pa Njerwa.

Kwa mkazi wake Jean ndi kuchikamwini. Munda ndi wa Jean, nthochi ndi za Jean, nyumba anamanga yekha koma yaima pa dothi la eni ake. Zikavuta, mkamwini amatuluka ndi zovala zake basi, mitengo imene anadzala ikumuyang'ana. Chake chenicheni, choti anganyamule osapempha munthu, ndi Njerwa yokha. Ikafa Njerwa, chomutsalira ndi dengu kumsana ndi kukagwada kwa kapitawo yemwe uja. Fackson amati bola kudya dothi.

Chipinda chochitiramo bizinesi anamupatsa ndi apongozi ake, mayi Margret, amake a Jean. Ndi chipinda cha kutsogolo kwa nyumba yawo, choyang'ana kumsewu, ndipo iwo amakhala pakhonde pomwepo akugulitsa nthochi ndi mapeyala. Pa Masambanjati ponse ndi iwo okha amene sanaseke tsiku lija. Anathyola tiyi moyo wawo wonse, ndipo chipumireni manja awo sakhala opanda ulusi ndi singano yolukira. Chilichonse cholemekezeka m'nyumba mwawo chimavala: wailesi ya malemu amuna awo, Baibulo, jagi ya madzi a alendo. Chinthu akachilukira, ndiye kuti achilandira m'banja.

Pakhomo pamenepo mwambo wakale sunafe. Mkamwini ndi apongozi aakazi sayang'anana m'maso. Akakumana panjira, Fackson amapatuka n'kunyonyomala, kuwomba m'manja chapatali. Mawu opitirira moni amadzera kwa Jean. Munthu woti anatukwana kapitawo, woti pamsika palibe angamuthe pakamwa, akangoona duku la apongozi amasanduka mwanapiye wonyowa.

Njerwa ili ndi vuto limodzi: mphamvu ndi za ng'ombe, thupi ndi la mbewa. Anyamata akayika gemu ya mpira kapena ya mpikisano wa magalimoto, m'kati mwake mumabuka moto, kafani kake kamalira ngati udzudzu, kenako ngati chigayo, ndipo zikanyanya imangozima yokha pakati pa gemu. Fackson anaiphunzira khalidwe. Imakoka mpweya pansi n'kuutulutsira kumbuyo. Ndiye anaikweza pa zitsekero za mabotolo kuti pansi pazidutsa mphepo. Anaichotsa kukhoma. Fumbi la mumsewu amaliuzira ndi pampu ya njinga, atatsekereza kafani ndi kamtengo ka machesi kuti kasazungulire mopenga. Anakwera minibasi mpaka ku Limbe kukagula phala lotuwa lija amapaka pa mtima wa makina, lofanana ndi mankhwala otsukira mano, n'kubwerako akutukwana wogulitsa njira yonse. Pafupi ndi Njerwa sipaikidwa botolo, foni, chipewa kapena chigongono cha munthu. Wina anayesa kuwotha manja pa mpweya wotulukira kumbuyo. Anapezeka ali panja gemu yake isanathe.

Ndi malamulo amenewo Njerwa inadutsa Okutobala, malata akulira ndi dzuwa, osazima ndi kamodzi komwe. Inadzayamba kufa mu Juni, nthawi ya chiperoni, pamene nkhungu imatsika m'minda ya tiyi n'kumeza msewu, kamvula kosalekeza kakuwaza, anthu akuyenda manja ali m'khwapa.

M'mawa wina Fackson anatuluka kukagula mayunitsi a magetsi, n'kusiya anyamata akusewera, apongozi ali pakhonde monga mwa masiku onse. Pobwera anapeza anyamata ataimirira, sikirini ili bii. Patebulo, Njerwa inali itavala juzi. Juzi yeniyeni ya ulusi wobiriwira ndi wachikasu, yolukidwa mothina bwino mbali zonse, pamwamba pali kampira ngati pa chipewa cha khanda.

"Wachita zimenezi ndani?"

Onse anayang'ana pansi. Gracious, wakabaza amene amathera ndalama zake zonse pa gemu ya mpira, anangoloza ndi milomo kukhonde.

Mawu amene anali atafika pakhosi anabwerera m'mimba. Fackson anavula juziyo pang'onopang'ono, n'kuipinda, n'kuiika pawindo. Njerwa inali moto. Anadikira kuti izizire, n'kuiyatsanso.

Madzulo anapeza Jean akusankha nyemba za kalongonda pa lichero.

"Amake Mwai, mukawauze mayi kuti makina aja akutentha. Asamawafunditse."

"Ndiwauze kuti ntchito ya manja awo mwaikana?"

"Sindinakane ntchito ya munthu. Ndati akutentha."

"Akhala akuluka mpaka maso kuwawa. Achimwene anga a Bizwick anapempha chipewa kalekale, mpaka lero sanachione. Inu akulukirani osapempha, ndiye muzikweza mphuno?"

"Akundiphera chinthu ndi ulemu, amake Mwai."

"Chabwino. Ndiwauza mwanzeru."

Mwanzeru mwa Jean ndi mmene munafera nkhani. Wonyamula mawu a mnzake ali ngati thumba lobooka: olemera ndi amene amayamba kugwa. Mawu oti "asamawafunditse" anagwera pakati pa khitchini ndi khonde. Amene anafika anali awa okha: "Mayi, bambo a Mwai akuti makina aja akutentha."

Mayi Margret anagwedeza mutu. "Ndinaona ine. Ndinakagwira, kanali moto, ndipo kakulira usana wonse. Katentha thupi kameneko. Chiperoni cha chaka chino si chamasewera. Juzi ija yachepa."

Kuyambira pamenepo inali nkhondo yopanda mawu. Fackson akangotuluka, kaya kukataya madzi, kaya kukasintha ndalama, amapeza Njerwa itavala juzi, pamwamba pali chidutswa cha bulangete. Iye kuvula, iwo kuveka. Anakhomera thabwa m'mwamba n'kuikapo Njerwa kuti asafikire. Apongozi anakwera pa kireti, iye n'kuibwezera patebulo. Fackson anawauza anyamata kuti akaona zotero azivula, koma ndani angavule chimene gogo waveka gogoyo ali pakhomo akuyang'ana? Anauzanso Jean kachiwiri, Jean n'kuyankha kuti anawauza kale, kodi akufuna mayi alire? Gemu zinayamba kufera pakati, wina atatsala pang'ono kugoletsa, ndipo anyamata ena anayamba kuwolokera tsidya la msewu kukaonera mafilimu. Kafani kaja kanasintha kulira. Kanayamba kukhwekhwereza, ngati muli mchenga.

Amene nkhaniyi inamukomera ndi Bizwick, mchimwene wake wa Jean. Chipinda chija ankachifuna kuyambira kale, akuti adzatsegulamo pometera. Anatulukira masana ena, manja m'thumba, n'kuima pakhomo.

"Alamu, ndamva mukumavula zimene mayi aveka. Kumalayini kwanu amatero?"

"Alamu, mwabwera kudzasewera kapena kudzaima?"

"Ndikungoti chipindachi chikakukanikani munene. Makina anga ometera sadwala malungo."

"Makina anu ali kuti? Chiyambireni kuwatchula, ndevu zanu zachita imvi."

Anyamata anaseka, koma Bizwick sanachite manyazi. Anali kudikira chinthu chimodzi, ndipo Fackson ankachidziwa: tsiku limene mkamwini adzakweze mawu kwa apongozi, umenewo ndi mlandu, abale adzasonkhana, chipinda chidzapita. Akhale chete, Njerwa ipsa. Alankhule, Njerwa isowa pokhala. Munthu anachoka pa esiteti kuthawa kumangidwa pakamwa, lero pakamwa pomwepo pamangidwa ndi ulusi wachikasu.

Zinadzafika pamutu Loweruka la malipiro. Nkhungu inali itatseka mpaka malole ankayenda atayatsa nyali masana. M'shopu munadzaza anyamata ochokera m'maesiteti, ndalama zili m'matumba, majekete akununkha utsi ndi chinyezi. Pakati pa phokoso waya wa padi imodzi yosewerera gemu unaduka. Fackson anayang'ana kukhonde, n'kuona apongozi akuwerama pa nthochi zawo, ndipo anati athamange tsidya la msewu kwa wokonza mafoni akaulumikize msanga. Wokonza mafoniyo anali ndi kasitomala wovuta, nayenso waulesi pobadwa.

Pobwera, fungo ndi limene linamulandira pakhomo. Pulasitiki wopsa. Njerwa inali m'juzi, juzi m'bulangete, bulangete litamangidwa ndi chitenje ngati mwana wopita naye kuchipatala. Fackson anaponya padi pansi n'kukanganula zonsezo. Bokosi linamuwotcha zala. Anadina batani. Palibe. Anadinanso. Ngakhale kanyali kobiriwira kaja sikanaphethire.

Bizwick anali atafika kale pakhomo, ngati khwangwala womva fungo. Kumbuyo kwake, pakhonde, mayi Margret anali atakhala chofulatira, singano ili m'manja, mawu aliwonse a m'chipindamo akuwafika.

Mitsempha ya pakhosi pa Fackson inatuluka. Aliyense anaona kuti lero chiphulika. Anatsegula pakamwa, n'kutembenuka kufulatira chitseko, n'kugwada pafupi ndi tebulo, n'kuloza Njerwa ndi chala.

"Iwe Njerwa, ndiwe chitsiru. Ndinakubereka kuchokera ku Joni, pa boda ndinagona nditakutsamira kuti asakube, anthu anandiseka chifukwa cha iwe, lero ukufa uli chete ngati nkhuku yomangidwa miyendo? Bwanji sukunena kuti iwe si khanda, chiperoni suchimva? Bwanji sukuwauza anthu okukonda kuti mphuno zako zili pansi ndi kumbuyo, akakufunditsa akukutseka mphuno? Moto wako ndi wa m'kati, mbuzi iwe. Uli ngati tiyi. Wothyola aliyense amadziwa: masamba ukawapanikiza m'thumba n'kumanga kukamwa, kunja kuzizire bwanji, m'katimo amatentha okha, pofika pa sikelo afiira, kapitawo n'kuwataya pansi iwe ukuona. Tiyi amafuna kumuyala, mphepo izimudutsa. Iwenso chimodzimodzi. Koma wangoti duu, kudikira kuti ndikulankhulire ine, ine woti pakhomo pano ndilibe pakamwa."

Mawu anamveka mpaka kwa amayi a nthochi tsidya lina.

"Mwamva nonse," anatero Bizwick, akutembenukira anyamata. "Mukhale mboni. Mkamwini akutukwana mayi m'nyumba mwawo."

Pakhonde kireti inalira. Mayi Margret anadzuka, n'kubwera mpaka pakhomo, malo amene sanaimepo mkamwini ali m'kati. Fackson anaweramitsa mutu ali chigwadire. Iwo sanamuyang'ane. Anayang'ana patebulo.

"Iwe kanthu iwe," anatero, mawu ali pansi koma akuthwa. "Ine ndinayamba kuthyola tiyi mbuyako asanabadwe. Masamba ofiira ndinawalirirapo pa sikelo, ana ali ndi njala kunyumba. Ukanati uli ngati tiyi, ndikanamva tsiku loyamba. Koma uthenga umene unanditumizira unali woti watentha thupi. Wotentha thupi kwathu timamufunditsa. Ukanafuna ndikuonerere ukunjenjemera m'nyumba mwanga?"

Mayi Margret analoza juzi ija, imene inali pansi.

"Ndipo umuuze mbuyako kuti ulusi umenewo si wotola. Sauponya pansi."

Fackson anatola juzi ija msanga, n'kuikung'untha, n'kuiika m'mphepete mwa tebulo. Mayi Margret anaitenga.

"Mayi, koma mwamva mmene wakutukwanirani?" anatero Bizwick.

"Watukwana ndani? Ine ndamva munthu akukalipira katundu wake. Iwe uli ndi katundu woti ungamukalipire? Choka pakhomopo, ukutchinga mphepo."

Bizwick anachoka. Gracious anabisa nkhope m'jekete, mapewa akugwedezeka.

Fackson sanaseke. Anazula mawaya, n'kumasula tizitsulo, n'kutsegula Njerwa pamaso pa onse. M'tinjira ta mpweya munali mutadzaza ubweya wa ulusi, wothinana ngati chisa cha mbewa, wobiriwira ndi wachikasu. Anautokosa ndi phini, n'kuuzira ndi pampu, akutukwana chapansipansi. Kafani kaja kanali katapindika, mapiko ake atasungunuka mbali imodzi. Kameneko kanali katapita. Anatsegula windo ndi chitseko kuti chiperoni chomwecho chilowe, anyamata n'kumanjenjemera koma osadandaula. Pansi pa tebulo panali fani imene anaichotsa kale m'makina akufa a munthu wina. Anaimangirira pamwamba pa Njerwa ndi mphira wa chubu cha njinga, n'kuilumikiza. Anapaka phala latsopano, n'kukhala pansi kudikira, manja ali pamutu.

Chitsulo chitazizira mpaka kuluma chala, anadina batani. Kanyali kanaphethira. Fani yachilendo ija inayamba kuzungulira, ikulira ngati thirakita ya masamba ikukwera mtunda, ndipo sikirini inawala.

Njerwa inadzuka, koma inadzuka yotsimphina. Gemu ya mpira imayenda mpaka lero. Ya magalimoto imadukiza, galimoto imaima m'malere n'kudzatulukira m'khoma, moti anaichotsa, ndipo anyamata amene ankaikonda sanabwerenso. Chivundikiro sichitsekekanso. Bokosi lokongola la ku Joni lija tsopano limaoneka ngati chinthu chotola kudzala, ndipo aliyense wolowa amayamba wafunsa kuti linagwa m'lole iti.

Mkwiyo wotsala unagwera kumene unayenera.

"Amake Mwai, mawu anga aja munawasiya pati?"

"Ndimakutetezani, bambo a Mwai. Mukanafuna mayi akuoneni ngati munthu wosayamika?"

"Munanditeteza ngati bulangete lija."

Masiku angapo m'nyumbamo munkangomveka mbale.

Sabata yotsatira, pakhonde, mayi Margret anaoneka akumasula juzi ija, ulusi akuukulunga pa chala. Amayi a nthochi anati ndiye kuti akwiya, mkamwini uja masiku ake atha. Bizwick anayambanso kudutsadutsa pamsewu akuyeza chipinda ndi maso. Fackson ankatsegula shopu m'mawa uliwonse osadziwa ngati mawa adzatsegulanso.

Kenako madzulo ena Jean anabwera kuchokera kwa amake atanyamula kanthu m'chitenje, n'kukaika pa mwendo wa mwamuna wake. Chipewa. Chobiriwira ndi chachikasu, chochindikala, kampira kaja kali pamwamba.

"Mayi akuti kanthu kaja kazikhala kamaliseche, amva. Koma akuti wotentha mutu weniweni amudziwa tsopano. Akuti muzivala."

Fackson anachitembenuza m'manja nthawi yaitali.

"Chili ndi kampira," anatero.

"Chili ndi kampira."

"Ine munthu wamkulu."

"Ndikawauze choncho?"

"Inu musakawauzenso kanthu moyo wanu wonse."

Mukadutsa pa Masambanjati lero mumupeza pakhomo pa shopu, chipewa chili kumutu, kampira kakugwedezeka akamakalipira mnyamata amene waika botolo pafupi ndi tebulo. Chimamuyabwa, chimamutulutsa thukuta, ndipo chiperoni chinatha kale. Akabaza amamukuwa kuti khanda la mayi Margret, iye n'kuwabwezera za makolo awo mpaka athawe okha. Bizwick akadutsa, mutu uli pamtunda wopanda chipewa, amayang'ana kumbali. Njerwa ili pa zitsekero zake za mabotolo, yosavala kanthu, fani ikubangula pamwamba pake. Ndipo apongozi akadzuka pakhonde kuti alowe m'nyumba, Fackson amanyonyomala n'kuwomba m'manja chapatali monga kale, diso limodzi lili pansi, linalo lili pa tebulo.